Mtsikana wasankhidwa ku sekondale, nanga akagona kuti?

Loko amene ndinagulira mwana wa mlongo wanga tsiku lokamusiya ku sekondale anali wabwino ndithu, wolemera m'manja. Vuto linali chitseko. Chinali cha lata lokhomera pa timatabwa, ndipo pokolekera lokoyo panali waya wopotokola woti mwana wamng'ono akhoza kumasula ndi zala. Kachipindako kanali kuseri kwa golosale, pa kamsika kena konkuno ku Dedza, moyang'anizana ndi nyumba yoonetsera kanema. Mkati tinapezamo kale atsikana awiri, mphasa ziwiri, mbaula, ndowa imodzi ndi timatumba ta ufa titatsamira khoma. Bafa linali la udzu, limodzi la anthu onse a lendi pamalopo, kuphatikizapo anyamata opikulitsa kachewere. Ndinafunsa mwini nyumba kuti usiku anawa amawayang'anira ndani. Anandiyang'ana ngati ndalankhula chinenero cha kutali.

"Bambo, ine ndimachititsa lendi chipinda. Kulera ana ndi kwanu."

Sananame mayiyo, ndipo sindinamukwiyire. Mwana wathuyo anali ndi zaka 14. Anakhoza bwino mayeso a Sitandade 8, dzina lake linatuluka, kumudzi kunali nthungululu. Koma sukulu imene anasankhidwirako ili pa mtunda wa makilomita 13 kuchokera kwathu, njira yake ndi yokwera ndi kutsika, ndipo pakati pali mtsinje umene mu Januwale ndi Febuluwale sufuna masewera. Hositelo palibe. Kotero anachita zimene atsikana ambiri a m'midzi amachita: analowa selufu, kudzipezera kachipinda ka lendi, kudziphikira, kudzisunga yekha.

Ndikulemba izi chifukwa nkhani ya maphunziro a atsikana timaikamba kwambiri pa wailesi ndi pa misonkhano, koma kawirikawiri timaikambira pa zipata ziwiri zokha: ukwati wa ana ndi fizi. Zipata zimenezi ndi zenizeni, ndipo boma lagwirapo ntchito yooneka. Koma kuno kwathu mtsikana wambiri sakugwera pa chipata. Akugwera m'kachipinda kangati kaja, pakati pa Fomu 1 ndi Fomu 3, atalowa kale sukulu, dzina lake lili kale m'kaundula wa boma ngati chipambano. Ine ndikuti ndalama iliyonse imene ikupezeka m'dzina la mwana wamkazi iyambe yayankha funso la kumene mwanayo agone.

Tisakhale osayamika. Amene tinakula kale tikukumbukira nthawi imene mtsikana akatenga mimba sukulu inkathera pomwepo, osabwereranso. Mu 1993 boma linasintha zimenezo, n'kulola kuti akabereka abwerere m'kalasi. Mu 1994 a Bakili Muluzi atalowa m'boma pulayimale inakhala yaulere, ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ana kuphunzirira pansi pa mitengo, aphunzitsi kulembedwa mwachangu. Lamulo la maphunziro la 2013 linati mwana aliyense ayenera kupita ku pulayimale, kufuna kapena kusafuna kwa makolo. Mu 2015 kunabwera lamulo la maukwati loika zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inatseka kabowo kamene kanatsala m'malamulo aakulu a dziko, kaja kolola mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomereza. Mu 2018 ndalama ina ya fizi ku sekondale za boma inachotsedwa, ndipo a Peter Mutharika atabwerera m'boma mu 2025 analengeza kuti sekondale ikhala yaulere kuyambira Januwale 2026. Zonsezi si zazing'ono. Amayi anga sanafike ndi Sitandade 3 yomwe. Kulemba dzina lawo anaphunzirira ku sukulu ya kwacha ali kale ndi zidzukulu, ndipo ndimakumbukira momwe ankagwirira pensulo ngati mpini wa khasu.

Ndiye ife a ku Dedza tili ndi chifukwa china chonyadira. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, amene anagwira ntchito ya ulembi ku Zomba zaka 27 asanaitanidwe kudzakhala mfumu mu 2003, anachita zimene lamulo palokha silikanatha. Anasonkhanitsa mafumu awo aang'ono n'kuwasainitsa pangano lothetsa maukwati a ana, ndipo amene anapitiriza kuwavomereza anawaimitsa pa ufumu kufikira atakonza. Pofika 2016 anali atathetsa maukwati oposa 800, ndipo chiwerengerocho chinapitirira kukwera. Dzina la Mtakataka, kumene kunali likulu lawo, linamveka mpaka kunja. Koma amene anawatsatira bwino amadziwa kuti mutu unkawawawa kwambiri ukwati ukatha, osati usanathe. Mwana wachoka kwa mwamuna, chabwino. Fizi alipira ndani, yunifolomu agula ndani, khanda lisiyidwa ndi ndani? Nthawi zina ankapisa m'thumba mwawo momwe. Mfumu imatha kumasula ukwati ndi mawu, koma singamange hositelo ndi mawu.

Walira mvula walira matope. Titatsegula pulayimale kwa aliyense mu 1994, tinayenera kudziwa kuti patapita zaka zisanu ndi zitatu khamu lomwelo lidzagogoda pa khomo la sekondale. Yankho la boma linali kusandutsa malo aja ophunzirira a MCDE (maphunziro a patali) kukhala sekondale za ma CDSS kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ganizo lake linali lomveka: sukulu yoyendera, ya m'dera, mwana azigona kwawo. Kumzinda zimatheka. Koma amene anajambula ganizolo ayenera kuti sanayendepo wapansi kuchokera m'midzi ya kuseri kwa mapiri a Dedza mu Juni, chisanu chikuluma zala, kapena m'zigwa za ku Golomoti mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. CDSS imodzi imalandira ana ochokera ku mapulayimale angapo omwazikana, ndipo amene ali kumapeto kwa dera ndiwo amasenza mtunda wonse. Ana ambiri a sekondale za boma m'dziko muno ali m'sukulu zoterezi. Sukulu zogonera konko zotchuka zija, monga Lilongwe Girls, Likuni Girls kapena Ludzi, zimatenga ochepa okhoza mopambana. Mwana wa mlimi wa nyemba wa ku Mayani kapena wa kachewere wa ku Tsangano, akasankhidwa, nthawi zambiri ndi ku CDSS.

Tsono taonani tsiku la mtsikana woyendera. Adzuka kusanache, atunge madzi kaye, asese, mwina aphikire ang'ono ake phala. Ayende maola awiri. Afike m'kalasi phunziro loyamba litatha, alandire chibalo chifukwa chochedwa, agone pa desiki nthawi ya masamu. Poweruka ayendenso maola awiri, m'mimba muli gwaa, n'kupeza mbale, nkhuni ndi mtondo zikumudikira. Mlongo wake wamwamuna akafika amaponya chikwama n'kupita ku mpira. Usiku awerenge ndi chiyani, tochi ya foni ya bambo? Ndiye panjira pali wa kabaza wamtima wabwino amene amati, "Kwera, usalipire." Ulendo woyamba ndi waulere ndithu. Wachiwiri nawonso. Ngongole yake imadzabwera nthawi ina, ndipo siilipidwa ndi ndalama.

Makolo poona zimenezi amati bola selufu. Nafenso tinatero. Ndipo pa mbali ya mtunda selufu imathandizadi. Chimene imachita ndi kuchotsa mwana m'maso mwa amayi ake n'kumuika pa msika, malo amene ndalama zimayenda m'manja mwa amuna: mavenda, oyendetsa magalimoto, anyamata obwera ku Joni ndi mafoni onyezimira, ngakhalenso ena ogwira ntchito zolemekezeka amene sitiwatchula. Mwanayo ufa ali nawo, poti wachoka nawo kumudzi. Chimene chimatha msanga ndi tinthu ting'onoting'ono: ndiwo, makala, sopo, mafuta odzola, mapadi. Sabata yachitatu ya mwezi ikafika, m'kachipinda muja mumakhala nsima ndi mchere.

Tsiku lina Lachisanu ndinadzera pa kamsika paja mosayembekezeka. Ndinapeza mwana wathu akuphika masamba a maungu opanda tomato, opanda mafuta. Mnzake mmodzi anali ndi mafuta odzola atsopano, nsapato zatsopano, ndipo pa mbaula yake pankanunkhira nyama. Nditafunsa mwakachetechete, mwana wathu anayang'ana pansi.

"Amalume, musandifunse zimenezo. Aliyense amadziwa kumene amazitenga."

Teremu yotsatira mtsikana uja sanabwerere. Mu kaundula wa sukulu analembedwa kuti wasiya chifukwa cha mimba. Ndi zoona, koma ndi zoona za kumapeto. Palibe kaundula amene analemba kuti anasiya chifukwa cha sopo, kapena chifukwa cha chitseko cha waya.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga ena amene amati vuto ndi khalidwe, ana a masiku ano samva. Mwina ena samvadi. Koma tinaona tonse zimene zinachitika mu 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19: m'miyezi yochepa chabe boma lenilenilo linawerenga atsikana pafupifupi 40,000 otenga mimba ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000. Kodi khalidwe la ana a dziko lonse linaonongeka mwezi umodzi? Chimene chinasintha ndi malo amene mwana ankakhala tsiku lonse ndi amene ankamuona. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 anakwatiwa asanafike zaka 18, ndipo mwa atsikana 100 a zaka 15 mpaka 19, okwana 29 anali atabereka kale kapena ali oyembekezera. Ziwerengero zotere sizitsika ndi malangizo okha. Ku Zomba, m'zaka za 2008 ndi 2009, akatswiri anayesa kupereka kandalama kochepa mwezi ndi mwezi kwa atsikana ndi makolo awo. Ambiri anakhalabe pa sukulu, ena anachedwa kukwatiwa ndi kutenga mimba. Sanawalalikire. Anangochotsa njala ya sopo ija.

Ndikudziwa zimene ena ayankhe, poti ndazimva pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi.

Ena amati m'malo mwa hositelo timange sekondale zambiri pafupi ndi midzi. Ndikuvomereza, ndipo tsiku limenelo lidzafike. Koma sekondale si makoma okha. Imafuna aphunzitsi a sayansi ndi masamu amene ngakhale m'sukulu zilipo kalezi ndi osakwanira, imafuna nyumba zawo, labotale, mabuku. Mwana amene ali Fomu 1 lero sangadikire zaka khumi. Hositelo imodzi pa sukulu imene ilipo kale imafupikitsa mtunda wa midzi makumi angapo nthawi imodzi.

Ena amati tiwapatse njinga. Mabungwe ena anayesa, ndipo pa chigwa zimathandiza. Koma njinga ikalowa pakhomo la munthu wosauka imakhala ya banja lonse. Lachiwiri bambo apita nayo ku chigayo, tsiku la msika inyamula kabichi kupita ku Lizulu kapena ku Chimbiya, tayala likaphulika ikhala mwezi itatsamira nkhokwe. Komanso njinga siichotsa mtondo ndi nkhuni zimene zikumudikira mwana kunyumba.

Funso lolemera ndi la anyamata. Mayi wina anaimirira pa msonkhano n'kunena kuti, "Nanga anyamata athuwa si ana? Zonse atsikana, atsikana." Anawombera m'manja anthu ambiri, ndipo ndinamumvetsa. Anyamata a selufu nawonso amavutika, ena amagwera m'chamba ndi kachasu, ena amathawira ku Mozambique kukagwira ganyu m'minda. Sindikuti aiwalidwe. Koma tinene zoona: mnyamata akalakwitsa usiku umodzi, m'mawa amavala yunifolomu n'kupita m'kalasi. Mtsikana akalakwitsa, kapena akalakwiridwa, amasenza miyezi isanu ndi inayi, kenaka zaka. Lamulo lomulola kubwerera lilipo, inde, koma kubwerera kumafuna agogo olera khanda, mkaka, ndi mtima wolimba wopirira anzake akamamutcha "amake mwana" m'kalasi. Obwerera alipo, ndipo amayi a mother group agwira ntchito yaikulu kuwalondola khomo ndi khomo popanda malipiro. Koma kutchinga n'kotchipa kuposa kulondola. Ngati ndalama zikukwana denga limodzi, liyambe la atsikana.

Tsono pali chinthu chimene ochirikiza hositelo anzanga sakonda kumva. Hositelo yopanda matironi ndi selufu ya malata okongola basi. Tonse taonapo nyumba zomangidwa ndi chisangalalo, nduna kapena phungu n'kudzadula riboni, koma mulibe madzi, mulibe mpanda, zimbudzi zili kutali kuthengo, mlonda salipidwa. Taonaponso zina zitaima pa mawindo zaka ndi zaka, udzu utamera mkati, chifukwa amene anaziyamba anagwa pa chisankho ndipo wolowa m'malo safuna kumaliza ntchito ya mnzake. Choipa koposa, nthawi zina fisi amakhala mkati mwa khola momwemo. Mphunzitsi wochita chibwenzi ndi mwana wa sukulu akangosamutsidwa kupita ku sukulu ina, ndiye kuti tamupatsa khola latsopano. Kusonkhanitsa atsikana malo amodzi popanda mayi wamkulu wowayang'anira, wolembedwa ntchito ndi kulipidwa ndi boma, amene ana angathe kumuuza zakukhosi osaopa ahedi, ndi kuwaika pa mbale.

Nanga ndalama yogonera? Apa pali msampha weniweni. Hositelo ikamangidwa n'kuikidwa mtengo wofanana ndi sukulu zogonera zikuluzikulu, olowamo adzakhala ana a aphunzitsi ndi a eni magolosale, ndipo mwana wa mlimi adzabwerera kuseri kwa msika, akuiona hositeloyo pa zenera. Komatu njira ilipo, ndipo makolo akuichita kale osadziwa. Mwana wa selufu amachoka kumudzi ndi ufa, nyemba, nthawi zina mtedza ndi mbatata. Kholo limene silingapeze ndalama yokwana teremu likhoza kupeza thumba la chimanga mu Meyi. Bwanji osalola kuti gawo la malipiro likhale mbewu, zolembedwa bwino m'buku, zophikidwa mu mphika umodzi? Boma litenge mbali imene kholo silingathe: nyumba, mjigo kapena mpopi, magetsi a sola oti ana aziwerengera usiku, matironi ndi mlonda. Dedza ndi Ntcheu ndi maboma odyetsa mizinda. Magalimoto a kachewere, kabichi ndi tomato amachoka kuno tsiku ndi tsiku kupita ku Lilongwe ndi ku Blantyre. N'zochititsa manyazi kuti mwana wa mlimi yemweyo azigona ndi njala pa mtunda wa makilomita ochepa kuchokera ku dimba la bambo ake. Ndipo si zachilendo kuno: kuyambira 2014 pulogalamu ya mabungwe a United Nations yothandizidwa ndi dziko la Norway inkagula chakudya cha ana a sukulu kwa alimi a m'deralo ku Dedza, Salima ndi Mangochi. Zinatheka ku pulayimale, zingalephere bwanji ku hositelo?

Za mabasale nazo zisinthe maganizo. Fizi ikachoka, mabungwe ndi makhonsolo amene ankalipirira atsikana asapukute m'manja n'kuti ntchito yatha. Ndalama imene inkapita ku fizi itembenukire ku malo ogona ndi tinthu tija timatha sabata yachitatu. Boma linachotsa msonkho pa mapadi mu 2022, tinayamika, koma pa golosale ya kumudzi paketi imodzi ikadali yolimbana ndi mtengo wa ndiwo za masiku angapo, ndipo mwana akasankha pakati pa ziwirizi amasankha kujomba masiku anayi mwezi uliwonse. Mabanja a pa Mtukula Pakhomo amalandira kowonjezera mwana akakhala pa sukulu, ganizo labwino, koma mabanja ambiri a ana a selufu sali pa mndandanda umenewo. Ndi osauka apakati, osafika polandira thandizo, osafika podzidalira.

Ndalama zomangira zichokera kuti? Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, lija timati CDF, lakhala likukwera m'zaka zapitazi. Ife ovota ndife timavomera kuti lizimwazika pa tinthu tambirimbiri toti dzina la munthu lioneke paliponse. Komiti ya chitukuko ya m'dera ikakhala pansi, pakhale munthu mmodzi wofunsa kuti pa CDSS yathuyi atsikana a selufu alipo angati, ndipo akugona kuti. Ahedi aliyense akhoza kulemba mndandanda umenewo tsiku limodzi. Ukalembedwa, makhansala ndi a ku ofesi ya maphunziro ayende nawo madzulo, osati masana, akaone zitseko zake ndi maso awo. Ndikukhulupirira kuti akabwerako ndondomeko ya chaka chimenecho idzalembedwa mwina.

Ndisamalize ngati kuti ife eni mbumba tilibe mlandu. Kwathu kuno malume ndiye mwini ana a mlongo wake. Ukwati ukabwera timakhala patsogolo, nkhuku timadya, ulemu timalandira. Koma ndi amalume angati amene anapitapo kukaona kumene mwana wa mlongo wawo amagona ku sukulu? Ine ndemwe ndinapita kawiri kokha chaka chonse choyamba, ndipo ulendo wachiwiri unali wongodzera. Mimba ikapezeka ndiye timathamanga, kukakhala pa bwalo, kukambirana za chindapusa, nkhani n'kuthera pa mbuzi ndi ndalama zochepa, wolakwayo n'kumayendabe pa msika pomwepo akuyang'ana a Fomu 1 atsopano. Mwana wa mnzako ngwako yemwe timanena pa maliro ndi pa ukwati. Pa nyumba za lendi za kuseri kwa golosale sindinamvepo wina akunena.

Mwana wathu uja tsopano ali Fomu 3. Chitseko ndinakakonzetsa kwa kalipentala, tinaika chogwirira chachitsulo ndi bawuti wamkati. Mwa atatu amene anayamba limodzi m'kachipinda kaja watsala yekha. Wachiwiri anapita kukagwira ntchito ya m'nyumba ku Lilongwe, akuti adzabwerera akapeza ndalama. M'malo mwawo mwalowa ana awiri a Fomu 1, ndipo iye ndiye wasanduka mayi wawo, ali ndi zaka 16. Sabata yatha anandiimbira pa foni ya mnzake.

"Amalume, alandilodi akuti mwezi wamawa lendi ikwera. Akuti tikalephera alowetsamo anyamata a kachewere aja, iwo salipira mochedwa."

Loweruka ndikwera minibasi kukafunafuna chipinda china.